Bambo Anu Anabadwira Kuti?

Tauni ija inali ndi manda awiri, ndipo wogawa malo anali mayi mmodzi wa pazenera lachitatu ku ofesi ya khonsolo. Anthu anamupatsa dzina loti Nachidindo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pazenera lomwelo, koma palibe amene anganene kuti anaonapo dzino lake nthawi ya ntchito. Patebulo pake pankakhala zidindo ziwiri, china cholemba kuti KUMTUNDA, china KUMUNSI.

Kumtunda kunali mitengo, kapinga, mpopi wa madzi ndi mlonda wachipewa. Kumunsi kunali kuseri kwa fakitale ya simenti, kumene fumbi limagwa osapuma, mvula ikabwera n'kuuma gwa. Okumba manda a kumeneko ankapita ndi mapiki, makasu ankawasiya kunyumba. Ukazika chikwangwani cha m'bale wako lero, chaka chisanathe chimakhala chitayera mbuu, dzina osawerengeka.

Cholekanitsa manda awiriwa chinali funso lachisanu pa fomu. Wodzisungira malo akadali moyo ankafunsidwa kuti, bambo anu anabadwira kuti? Wobweretsa maliro ankafunsidwa za bambo a malemuwo. Ukayankha kuti kuno, unkapita kumtunda. Ukatchula kunja kwa malire, basi, kumunsi, kaya ulire, kaya ugwade, kaya ubwere ndi kalata ya bwana wamkulu. Ndipo amene analemba lamulo limeneli sanali wina ayi, anali bambo ake enieni a Nachidindo. Apa m'pamene pagona nkhani.

Agogo ake a Nachidindo anachokera kutsidya kwa malire, wapansi, fakitale ikungotsegulidwa kumene. Anawapatsa ntchito imene eni tauni ankaikana, yosonkha moto pang'anjo yowotchera miyala. Chinenero sankachidziwa. Mnzawo wina panjira anawaphunzitsa mawu amodzi okha: wapolisi akakufunsa chilichonse, iwe uzingoti kuno. Koma lilime lawo linkakana o wa kumapeto uja.

"Kwanu n'kuti?"

"Kunu, bwana."

"Unabadwira kuti?"

"Kunu."

"Dzina lako?"

"Kunu, bwana, kunu."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, dzina n'kumera pomwepo: Kunukunu. Koma anthu! Munthu anakhala pang'anjo zaka makumi atatu, nsidze zinapserera, nyumba zonse za m'tauni zinamangidwa ndi simenti yodutsa m'manja mwake, komabe ana ankamuthamangira kumbuyo akukuwa dzina lomwelo. Anamwalira ndi chifuwa cha fumbi. Anamuika kuseri kwa fakitale, osati chifukwa cha lamulo, poti nthawi imeneyo kunalibe, koma chifukwa panalibe ofuna kusenza bokosi kukwera nalo chitunda.

Mwana wawo, bambo ake a Nachidindo, anabadwira m'nyumba za fakitale, ndipo analumbira kuti dzina lija lifera pa bambo ake. Ankaima pagalasi n'kumakonza milomo, kuno, kuno, kuno, mpaka o wake anazungulira bwino kuposa wa eni tauni. Anayamba ndi kusenza matumba, anakhala kapitawo, kenako anthu anamusankha kukhala khansala, ndipo mpaka lero, ngakhale anapuma kalekale, aliyense amangoti a Khansala. Kunyumba analetsa chinenero cha kutsidya. Tsiku lina anakwapula ana awo awiri chifukwa choimba kanyimbo kamene agogo anawaphunzitsa. Ankakonda kunena kuti, "Mnzathu akalakwa amati walakwa. Ife tikalakwa amati ndi obwera. Ndiye ife tisalakwe." Tsiku limene mwana wawo wamkazi anayamba ntchito kukhonsolo, anamuitanira pakhonde, namuphunzitsa kudinda pepala mowongoka, namuuza kuti, "Chidindo sichidziwa mbale."

Lamulo lija linabwera pa chisankho chawo chachitatu. Fakitale inali itakula, ndipo kunafika anthu atsopano ambirimbiri ochokera kutsidya komwe kuja. Eni tauni anayamba kung'ung'udza kuti manda akudzaza. Wopikisana nawo anaimirira pamsonkhano n'kufunsa, "Kodi mwana wa Kunukunu angaletse abale ake?" Anthu anaseka kuseka kwakale kuja. Mlungu womwewo a Khansala analemba lamulolo ndi dzanja lawo. Anaika mawu oti bambo mwadala, chifukwa ana a obwerawo anali atayamba kubadwira m'tauni momwemo, ndipo iwo ankafuna kutseka ngakhale kampata kameneko. Anapambana ndi mavoti ochuluka zedi. Kodi sanaone kuti mwendo wawo uli mumsampha womwewo? Ine ndikuti anaona. Koma munthu wa zaka makumi anayi amayesa imfa ndi ya anthu ena.

Tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ndipo dokotala anali atanena mosabisa kuti mapapo awo auma, sadzaona mvula ya chaka chino. Akazi awo, mwana wa eni tauni, anagona kumtunda zaka zisanu zapitazo, pansi pa mtengo wamthunzi, ndipo kumanzere kwawo kunali malo opanda munthu. A Khansala ankapita kukazula udzu pamalo pamenepo Loweruka lililonse.

Lolemba m'mawa, zenera lisanatsegulidwe, mchimwene wake wa Nachidindo analowa mu ofesi osagogoda. Anali injiniya wamkulu kufakitale, ndipo anabwera ndi chipewa chake choyera m'khwapa, nsapato zili mbuu.

"Ababa akubwera lero," anatero. "Avala kale suti. Akuti akufuna kudzilembetsera okha malo, pafupi ndi amayi."

Nachidindo anapitiriza kuthira inki pa kansalu konyowetsera zidindo.

"Wandimva, chemwali?"

"Ndamva, achimwene."

"Ndalankhula ndi a wapampando wa khonsolo. Akuti iwo maso awo akhala kwina. Akayankha kuti kuno, iwe ungolemba kuno. Zilembo zinayi basi. Ndani akafukule agogo kuti awafunse?"

"Tauni yonse ikudziwa."

"Idziwe! Tauni imeneyi yadya thukuta lathu mibadwo itatu. Agogo ng'anjo, ababa khonsolo, ine ndi iwe mpaka lero tikuitumikira. Sitingapemphe dzenje limodzi? Chibale ndi fupa, chemwali, sichiola."

"Nanga anthu onse ndawabweza pano? Mukudziwa kuti ndi angati?"

"Amenewo si bambo ako."

Anatuluka, n'kusiya mapazi oyera pansi pamene wokolopa anali atangodutsa kumene.

Nachidindo ankadziwa kuti ndi angati. Sankawawerenga dala, ankangobwera okha m'mutu akamatsuka mbale kapena akamadikira basi. Mkulu amene anavula chipewa n'kuchipinda mpaka kuching'amba. Mtsikana amene anamulavulira pagalasi. Onsewo ankawayankha mawu amodzimodzi, kuti lamulo si ine, ndipo ankagona tulo chifukwa ankadziwa kuti sanakonderepo munthu ndi mmodzi yemwe. Chinali chokhacho chimene anali nacho. Analibe mwamuna, analibe mwana, anzake a kuntchito ankadya nkhomaliro osamuitana. Koma khoswe anali atakhala pamkhate. Anakumbukira bambo ake atagwada pa udzu uja, akuzula ndi zala, kupuma kukumveka ngati wina akucheka thabwa. Anatseka botolo la inki n'kudziuza kuti, chabwino, fomu imati kalaliki alembe zimene wauzidwa. Ndilemba zimene ndiuzidwe. Anadziwa kuti limenelo ndi bodza lovala jekete, ndipo anadzida, koma anatsimikiza mtima.

Atakweza katani ya zenera, pabenchi panali anthu asanu ndi mmodzi. Woyamba anali mayi wochapa maovolosi a kufakitale, wamanja otuwa ndi sopo. Nachidindo anamuzindikira. Zaka ziwiri zapitazo mayiyu anagwada pansi pomwepa chifukwa cha mwamuna wake, mpaka mlonda anachita kumudzutsa. Lero sanali kulira. Anakhala phee, kalata ya kuchipatala ili pamwendo.

Mayiyo asanaimirire, chitseko chinatseguka. A Khansala analowa pang'onopang'ono, atavala suti yotuwa imene tsopano inkawalendewera m'mapewa, kabaji ka khonsolo kali pachifuwa. Mwana wawo injiniya anali pambuyo, manja ali chire kuti akagwa awawakhe. Mlonda anathamanga kuti awalowetse kukhomo la mabwana, koma iwo anakweza dzanja.

"Mzere ulipo. Ndikhala pamzere."

"Tsogolani, a Khansala," anatero mayi wochapa uja, osawayang'ana. "Ine sindikuthamangira kulikonse. Yankho langa ndikulidziwa kale."

Ena onse pabenchi anagwedeza mitu kuti atsogole. Sikunali kuwalemekeza kumeneko. Anthu ankafuna kuona.

A Khansala anafika pazenera, nagwira thabwa la kauntala ndi manja onse awiri. Bambo ndi mwana anayang'anana kudzera pagalasi lija, lokhala ndi kabowo kolankhulira ndi kampata kodutsitsira mapepala m'munsi.

"Mwadzuka bwanji, mayi."

"Ndadzuka bwino, kaya inu, bambo. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndabwera kudzalembetsa malo."

Nachidindo anatenga fomu, naiwongola, natsegula cholembera. Anafunsa dzina, ndipo iwo analitchula lonse mokweza ngati tsiku lolumbira pa udindo. Anafunsa zaka.

"Ntchito?"

"Wosenza matumba, zaka zisanu ndi chimodzi. Kapitawo, zaka khumi ndi ziwiri. Khansala, zaka makumi awiri."

"Mpata ndi wochepa, bambo. Chimodzi chokha."

"Lembani khansala."

"Funso lachinayi. Munabadwira kuti?"

"Kuno."

Anatuluka bwino mawuwo, o wozungulira, wa pagalasi uja. Nachidindo analemba. Mu ofesi monse munali zii. Ngakhale wa pazenera lachiwiri, wa ziphaso za malonda, anali atasiya kusanthula mafayilo ake.

"Funso lachisanu." Analoza mzerewo ndi cholembera. "Bambo anu anabadwira kuti?"

A Khansala anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi chifuwa. Chinawagwira, chinawapinda pakati, chinawagwedeza mpaka kabaji kaja kanagunda pagalasi. Injiniya anawagwira mkono, iwo anamukankha. Anapukuta pakamwa ndi kampango, nakapinda msanga kuti anthu asaone, nawongoka. Mpweya unali utawathera, milomo ili gwa, yosatheka kuizunguliza. Anakoka kampweya kotsalako.

"Ku... kunu."

Abale inu, mawu ang'onoang'ono! Palibe amene anaseka. Kumapeto kwa benchi mkulu wina wandodo, amene anagwirapo ntchito pang'anjo ali mnyamata, anangoti chapansipansi, "Ii, mawu a malemu aja." Ndipo analidi iwo. Sikunali kufanana chabe. Nachidindo, amene anamva mawu a agogo ake komaliza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anamva tsitsi likuima. Anali agogo enieni, amantha, ataima pamaso pa wapolisi.

Anaweramitsa mutu msanga n'kuyamba kulemba, kuti zithe, bambo ake achoke pamaso pa anthu. Analemba k, analemba u, analemba n. Chinatsala chilembo chimodzi. Pamenepo dzanja linalowa pakampata ka mapepala n'kugwira cholembera. Linali dzanja lozizira, la zikhadabo zabuluu.

"Funsaninso, mayi. Sindinamve bwino funso."

"Ndamva yankho lanu, bambo. Ndikulemba."

"Ndati funsaninso."

Nachidindo anayandikiza pakamwa pa kabowo kaja. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanachondererepo munthu pazenera limeneli, wochondereredwa ankakhala iyeyo.

"Ababa, chonde. Ndisiyeni ndimalize. Amayi akukudikirani kumtunda."

"Pano palibe ababa. Pano ndi pazenera lachitatu."

"Ababa!" anatero injiniya kumbuyo. "Mwayankha kale! Tiye, chemwali, lemba!"

"Iwe khala chete. Zako ndi za kufakitale."

Maso a a Khansala anali ofiira ndi chifuwa chija, mwinanso ndi china. Sankayang'ana mwana wawo, ankayang'ana galasi, mmene nkhope yawo inkaonekera mwa chizimezime, yopanda mnofu, nsidze zitathothoka ndi mankhwala. Kaya anaona chiyani mmenemo, iwo okha ndi amene akudziwa. Musandifunse ngati chinali chilungamo kapena manyazi oti agwidwa. Mwina zonse zinafika nthawi imodzi.

Nachidindo anafunsanso, mawu akuthawa.

"Bambo anu anabadwira kuti?"

"Kutsidya. Anabwera wapansi, masiku khumi ndi limodzi. Lembani zimenezonso ngati mpata ulipo."

"Mpata palibe, bambo."

"Ndikudziwa. Fomuyo ndinakonza ndine."

Anachotsa dzanja. Nachidindo anakhwatcha n uja, k ndi u anawasiya, namalizitsa mawu enawo. Kenako panalibenso china chochita. Dzanja lake linadutsa chidindo choyamba, linatenga chachiwiri, linachinyowetsa pa inki. Misozi inali itatseka maso moti pepala ankaliona ngati lili pansi pa madzi. Anadinda, pha, nakankhira fomuyo kunja.

A Khansala anaitenga, naitalikitsa pang'ono poti magalasi anaiwala kunyumba. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Chakhota."

"Bambo?"

"Chidindochi chakhota. Ndinakuphunzitsa chonchi, iwe?"

Chinali chitakhotadi, koyamba chiyambire ntchito. Anabweza pepalalo pakampata. Nachidindo anapukuta maso ndi mkono wa bulauzi, anawongola pepalalo, nadindanso m'munsi mwake. Tsopano pepala la a Khansala linkanena kuti KUMUNSI kawiri, kamodzi mokhota, kamodzi mowongoka. Injiniya anavala chipewa chake momwemo mu ofesi, anamuyang'ana mlongo wake ngati sakumudziwa, natuluka. Chitseko chinatsala chikugwedezeka.

"Funso limodzi, mayi," anatero a Khansala. "Mkulu uja ali mzere uti?"

Nachidindo sanafunse kuti mkulu wake uti. Anakwera pampando, natsitsa kaundula wakale wachikuto chong'ambika, natsegula masamba achikasu. Dzina lenileni la agogo silinalembedwe. Kalaliki wa nthawi imeneyo analemba limene ankalidziwa.

"Mzere wachitatu."

"Pafupi nawo pali malo?"

"Munadzaza kalekale, bambo. Kumunsi sitisankha. Timapereka motsatana, mmene zidindo zagwera. Pano tili pa mzere wa makumi anayi ndi chiwiri."

"Makumi anayi ndi chiwiri," anabwereza. "Nthawi ya lamulo ija mizere inalipo isanu."

Nachidindo analemba nambala ya malo pakona ya fomu, nang'amba kachidutswa kawo. A Khansala anakapinda bwinobwino, nakaika m'thumba la pachifuwa, kuseri kwa kabaji. Anatembenuka kuti azipita, koma miyendo inakana kuwafikitsa pakhomo. Anakhala pabenchi, pamalo pamene mayi wochapa uja anali atangonyamukapo.

"Wotsatira," anatero Nachidindo, ngakhale mayiyo anali ataima kale pazenera.

Kalata ya kuchipatala inali ya mwana wake wamwamuna, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wosenza matumba kufakitale, wobadwira m'tauni momwemo. Nachidindo anafunsa mafunso anayi oyamba, nalemba. Atafika pa lachisanu anakweza dzanja kuti abwezere chidindo pamalo pake kaye, monga mwa dongosolo.

"Musachibweze, mayi," anatero wochapayo. "Ndi chomwecho."

Anadinda. Chinawongoka. Analemba nambala pakona, yotsatira ija anali atangolemba kumene.

Mayiyo anayang'ana kachidutswa kake, kenako anapita pabenchi, naima patsogolo pa a Khansala. Anawapempha mwaulemu kuti aone nambala yawo, ndipo iwo anatulutsa. Anayandikiza timapepala tiwirito pamodzi.

"Ndiye mugona moyandikana ndi mwana wanga, a Khansala," anatero. "Musadandaule, si wa phokoso. Ankangotsokomola usiku wonse, koma pano wasiya."

Anawabwezera kapepala kawo ndi manja awiri, natuluka kukauza okumba kuti anole mapiki.